Maliro Oyeserera ku Chinsapo

Zimitsani kaye mafoni anuwo, akundithobwa m'maso. Magetsi apita ndipo sabweranso lero, ndiye kokerani mbaulayo pakati apa ndikuuzeni za Zione, mayi wa ku Chinsapo amene ntchito yake inali kudina mabatani.

Musaseke, ndi ntchito ndithu imeneyo. Anyamata akamanga webusaiti, asanaipereke kwa eni ake pamafunika munthu woti aivutitse. Adine apa, adine apo, alembe zopanda mutu pamene pakufunika dzina, aitsegule pa laputopu, aitsegulenso pa kafoni kotchipa, aone ngati siigwa. Zione anali woyesa wotero pa kakampani kena ku Old Town, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya matayala. Koma anali wovuta mayi uja, ee! Kabatani kakangopendekeka pang'ono, iye wakaona kale. Gomezgani, mnyamata amene ankamanga mawebusaitiwo, ankangomutchula kuti apolisi.

Ndiye kunabwera bambo wina wogulitsa mabokosi a maliro. Ankafuna webusaiti yolengezerapo zovuta: ulembe dzina la malemu, uloze pa mapu pamene pali siwa, abale akutali aone ndi kudina kuti akubwera. Bamboyo anaika lamulo limodzi lokha. Anati maliro safufutidwa ngati uthenga wa chibwenzi. Akalengezedwa alengezedwa, ndipo batani lowatsekera likhale limodzi, lolembedwa kuti Taika, lodinidwa anthu akachoka kumanda.

Gomezgani anaimanga, naiika pa malo oyeserera, kumene palibe munthu wakunja angaione. Tsiku lina chakumadzulo anamukankhira Zione laputopu.

"Apolisi, nayo. Koma chonde mwachangu, mpira uyamba posachedwa."

Zione anapeka dzina, monga amachitira onse a ntchito imeneyi. Analemba kuti Lufeyo Chikwekwe, munthu woti sanabadwe n'komwe. Atafika pa mapu anaima kaye. Kulikonse kumene akanaloza kunali pakhomo pa munthu wina, ndipo mtima wake sunalole kuikira mnzake maliro, ngakhale abodza. Anati bola panga, naloza nyumba yake ya lendi ku Chinsapo. Anadina, chilengezo chinatuluka bwinobwino, ndi kamtanda pamwamba.

"A Gome, apa pali vuto," anatero Zione. "Ine ndapha munthu pompano popanda wondifunsa. Mawa wina akakwiya ndi apongozi ake adzawalengeza pano. Ikani kuti dzina lililonse lizilowa ndi nambala ya chiphaso cha unzika, ndipo zizigwirizana."

"Aaa, asisi, mwayambatu!"

"Sindivomereza webusaitiyi musanakonze zimenezo."

Gomezgani anang'ung'udza, nati akonza m'kati mwa sabata. Anayamba kugwedeza makiyi a chitseko. Koma Zione sankachoka asanayese pafoni, chinali chizolowezi chake. Anatulutsa kafoni kake kong'ambika galasi, natsegula webusaiti ija ali chiimire pamasitepe. Maso ake anali pa batani, kuona ngati likukwana pa kagalasi kakang'ono. Linakwana. Anadina, naponya foni m'chikwama, nathamangira minibasi.

Kunyumba Zione ankakhala ndi mwana wake mmodzi yekha, Tamanda, kamtsikana ka ku sukulu ya mkaka kokonda kuyankhula. Bambo ake a mwanayo anapita ku Joni kalekale, nasiya kuimba foni. Eni nyumba, a Nankhoma, mayi wogulitsa makala wa pakamwa ngati lumo, ankakhala nyumba yakumaso mumpanda womwewo, ndipo ndiwo ankatsala ndi mwana masana.

Kutacha Zione anatuluka ndi chidebe kukatunga madzi, napeza masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu. Mzere wina kumtunda kwa geti, wina kumunsi. Inu mukudziwa tanthauzo lake. Anafunsa pa mpopi kuti kwagwa zovuta kwa yani, azimayi n'kumangoyang'anana. Panalibe amene anamva kulira usiku. A Nankhoma anatuluka ndi tsache, nakankhira masambawo mu ngalande uku akutukwana ana a masiku ano opanda mwambo.

Dzuwa litakwera, masamba anali pamalo pomwe paja, aawisi kuposa oyamba.

Kenako anayamba akabaza. Aliyense akafika pa masamba aja ankatsika njinga, n'kuyamba kukankha, wanjinga yamoto n'kuzimitsa injini. Izo n'zachidziwikire, ndi ulemu. Koma a Nankhoma atachotsanso masamba aja, msewu uli mbee, anyamata ankatsikabe. Mmodzi anavula ndi chipewa chomwe.

"Iwe, watsikiranji?" anakalipa a Nankhoma. "Waona maliro pano?"

Mnyamatayo anayang'ana geti, nayang'ana miyendo yake. "Kaya, amayi. Ndangopezeka ndatsika."

Tsiku lomwelo Tamanda anakana phala. Thupi linatentha ngati chiwaya. Zione anamubereka kupita naye kuchipatala, anamubaya chala, anati malungo mulibe. Anamupatsa panado, nati abwerenso zikapitirira. Pobwerera kunyumba anapeza mipando yake ili panja pansi pa mtengo wa mango, yandandalikidwa bwinobwino, tebulo lili chagada pakhonde. Pabalaza panali poyera, mphasa itayalidwa pakati. Chitseko chinali chokhoma monga anachisiyira, kiyi ali m'chikwama mwake.

Analowetsa mipando. Kutacha inali panjanso, ndipo pambali pake wina anali atatula mtolo wa nkhuni zazikuluzikulu, zija zosonkhera moto wochezera.

Apa mantha anamugwira Zione, koma mutu wake unkakanabe. Munthu wa sukulu, wozolowera kuti cholakwika chilichonse chili ndi pochokera. Anaganiza za akuba, anaganiza za anyamata a chamba, anaganiza kuti mwina a Nankhoma akufuna kumuthamangitsa mochenjera. Za Lufeyo Chikwekwe anali ataiwaliratu.

Anakumbutsidwa madzulo a tsiku linalo, dzuwa litangofiira, akuchokera kogula mankhwala. Panjira yotsikira kwawo anakumana ndi mayi wina atasenza kathumba ka ufa, chitenje chofwifwa, mpango utatsika mpaka m'maso. Mayiyo ananjuta mwaulemu.

"Zikomo amayi, tifunse nawo. Kwa a Chikwekwe ndi kuti?"

Zione anaima. "A Chikwekwe ake ati?"

"A Lufeyo. Tamva uthenga, ndiye tati tikawaperekeze. Anzathu ali m'mbuyomu."

Zione anayang'ana m'mbuyo mwa mayiyo. Njira inali yopanda munthu, koma fumbi linkatuluka pansi pang'onopang'ono, monga limachitira gulu likamayenda mosafulumira. Panamveka fungo la dothi lofukulidwa kumene. Nkhope ya mayi uja anaiona ndithu, anali pafupi ngati inu ndi ine, koma atafika pageti sanathenso kuikumbukira.

Anaimbira Gomezgani pomwepo. "A Gome, chilengezo chija mwachiika pa webusaiti yeniyeni?"

"Ayi, asisi, yeniyeni sitinaitsegule n'komwe. Chili koyeserera. Timaonako ndife awiri basi."

"Chifufuteni."

"Paja batani lofufutira kulibe."

"Musandiuze za batani! Lowani kumbuyo kwanuko mukachizule!"

Anamva mnyamata akugogoda laputopu, kenako anati chachoka. Asanatsitse foni anamumvanso akupuma mwamphamvu. Chabwerera, anatero. Anachotsanso, chinabwereranso. Ndiyeno mawu ake anachepa ngati a mwana. "Asisi, pali malo paja anthu amadina kuti akubwera kumaliro. Nambala yake ikungokwera. Ndikuyang'ana pano ikukwera. Akudina ndani?"

Zione anatsitsa foni, chifukwa m'nyumba mwake munali mutayamba nyimbo.

Sinali nyimbo yoti mungaigwire mawu ake. Inali yapansipansi, ya azimayi otopa amene ayenda mtunda wautali. Atalowa pabalaza, poyang'ana molunjika ankangoona mphasa ndi makoma. Koma akatembenuza mutu, m'mbali mwa diso ankaona anthu atakhala motsamira khoma, miyendo itatambasulidwa, mitu itawerama. Panja, pa mipando ija, pankamveka kutsokomola kwa azibambo. Mpando wina unalira ngati waukhalira munthu wonenepa.

Kuchipinda Tamanda anali gone, milomo itauma, maso ali pakhomo.

"Amama," ananong'ona, "azimayiwo akuti ndikagone pamphasa. Akuti pakati m'panga."

Mayo! Zione anamunyamula mwana, nathamangira kwa a Nankhoma osavala ndi nsapato zomwe. Anawapeza atakhala pa thumba la makala, wailesi itazima, Baibulo lili pamiyendo chozondoka. Nyimbo ija nawonso ankaimva. Zione anawafotokozera zonse, za webusaiti, za dzina lopeka, za mapu.

"Mwati chiyani, amake Tamanda?" A Nankhoma anaimirira. "Mwaitana maliro pa mpanda wanga? Maliro amayeserera? Sukulu yanuyo anakuphunzitsani kuti imfa ndi diresi, yoti uyese ukaona kuti yathina ubweze? Anthu abwera, atula nkhuni, akhala pansi. Mukuganiza kuti anyamuka opanda woperekeza? Mtembo akausowa aupeza okha, ndipo wofooka pakhomo pano mukumuona ndani?"

Onse awiri anayang'ana mwana.

A Nankhoma anatukwana mpaka mawu anawathera, kenako anakhala pansi n'kuyamba kulira, pakuti Tamanda ankawatcha agogo ndipo ankadya nawo mbale imodzi. Atapukuta misozi anati kwawo ku Mchinji, ali mtsikana, adzukulu anakumba manda a munthu amene anadzatsitsimuka. Dzenje silikanatsala lopanda kanthu. Anadula thunthu la nthochi, nalikulunga, naliika m'malo mwake. Ngati zinathandiza kapena ayi iwo sakudziwa, anatero, koma china choti achite sakuchiona.

Anagona onse kwa a Nankhoma, ngati kumeneko n'kugona. Kutangoyera Gomezgani anafika wapansi, maso ali psuu, atavala nsapato zake zoyera zimene ankazinyadira. Anamupatsa khasu. Kuseri kwa bafa kunali phata la nthochi, ndipo a Nankhoma anasankha thunthu lalitali ngati munthu wamkulu, naligwetsa ndi chikwanje. Analikulunga m'chitenje chatsopano cha Zione, chimene anali asanachivalepo. Mnyamata wa makompyuta anakumba mpaka matuza anaphulika m'manja, osadandaula ngakhale kamodzi.

Ponyamula thunthu lija anadabwa kulemera kwake. A Nankhoma anagwira kumutu, Gomezgani kumiyendo, koma pakati panali popepuka ngati pali manja ena akuthandiza. Analitsitsa, nafotsera. A Nankhoma anati, "Pitani bwino a Chikwekwe, kuno simunakhaleko, musabwerenso." Zione anatsegula chilengezo cha Lufeyo pafoni, nadina Taika.

Pansi pa mango mipando inalira umodziumodzi, monga imachitira anthu akamanyamuka. Geti linatseguka lokha. Mapazi ambiri anadutsa, fumbi linakwera njira ya kumtunda, mpaka zii. Gomezgani anakhala pansi pa dothi n'kuyamba kuseka kwa munthu amene wapulumuka ngozi. Zione anathamangira kukaona mwana pa bedi la a Nankhoma.

Pabedi panalibe munthu.

Anamupeza m'nyumba mwake, pabalaza, atagona chagada pakati pa mphasa, manja ali m'mbali. Amene anamunyamula sakudziwika. Kachifuwa kankakwera pang'ono, n'kuima nthawi yaitali, n'kukweranso. Nyimbo ija inali isanathe. Azibambo okha ndiwo anapita, azimayi anali pomwepo m'mbali mwa makoma, ndipo fungo la dothi linadzaza nyumba.

"Taika kale!" anakuwa Zione. "Mukufunanso chiyani? Munthu wanu taika!"

Kuchokera pakona, pamene diso silinkafika bwino, anayankha mawu aulemu a mayi wa kathumba ka ufa uja.

"A Chikwekwe tawaperekeza, amayi, zikomo. Iwo analibe thupi, nthochi yawakwana. Koma uthenga tinalandira uwiri. Winayu thupi ali nalo."

Gomezgani anali ataima pakhomo. Mawuwo sanawamve, anangoona Zione atauma. "A Gome," anatero Zione osatembenuka, "zilengezo zilipo zingati?"

Mnyamata anasuntha chala pafoni yake, natsika m'munsi mwa mndandanda kumene sanayang'aneko chiyambire. Anawerenganso. "Ziwiri. China chinalowa pafoni, tsiku lomwe lija, titatseka kale ofesi."

Pamasitepe paja. Zione anakumbuka tsopano. Foni imasunga zimene unalembapo kale, ndipo ukafika pa malo a dzina imakudzazira yokha. Dzina lomaliza limene analemba pa kafoni kaja linali la polembetsa mwana ku sukulu ya mkaka. Iye, wapolisi wa mabatani, amene sankaphonya ngakhale kadontho, anayang'ana kukula kwa batani osayang'ana dzina. Anatsegula chilengezocho. Pansi pa kamtanda panalembedwa kuti Tamanda.

A Nankhoma anathamanga kukadula nthochi ina, koma Zione anadziwa kuti n'kutaya nthawi. Kudina Taika pa dzina la mwana wake ali moyo, chala chinakana. Kunatsala batani limodzi, losinthira dzina, loti anthu azikonzera akalakwitsa kalembedwe. Analidina, nalemba dzina lina lopeka, loyamba kubwera m'mutu. Webusaiti inafiira, niti alembe nambala ya chiphaso cha unzika. Anapeka nambala. Inati sizikugwirizana.

"A Gome, ichi n'chiyani?"

"Ndinakonza dzana, asisi." Mnyamata anali pafupi kulira. "Munanena nokha kuti simuvomereza."

"Chotsani!"

"Pafoni sizitheka, mpaka pa laputopu. Ili ku ofesi. Ndithamanga, dikirani, ndithamanga!"

Anatuluka ngati mphepo. Koma mumsewu monsemo akabaza anali akukankha njinga zawo, mitu ili pansi, ndipo panalibe amene anavomera kumukweza. Gomezgani anayamba kuthamanga wapansi, ndipo inu mukudziwa kutalika kwa kuchokera ku Chinsapo kukafika ku Old Town.

Zione anagwada pamphasa. Mapazi a mwana anali atazizira, kuzizirako kukukwera kumaondo. Nyimbo inakula, ndipo mphasa inayamba kuphwanyika m'mbali, ngati anthu akusendera pafupi. Ndikuuzani zoona, mayi uja sanali mngelo. Anafunafuna m'mutu nambala ya bambo a Tamanda, a ku Joni aja, ndipo akanaikumbukira akanailemba osaphethira. Anaganizako ngakhale za chiphaso cha a Nankhoma, chimene ankachiona chili m'kambale pa kabati, nachita manyazi mpaka kulira. Anthu amene anakana kuwalozera maliro abodza pa mapu, akanawalembera bwanji enieni?

Nambala imene ankaidziwa pamtima inali imodzi yokha.

Anaika dzanja pachifuwa cha mwana, nadikira kuti chikwere. Chinachedwa. Chinachedwa kwambiri. Zione anapukuta galasi long'ambika lija ndi chitenje, nalemba dzina lake ndi nambala yake ija mosamala, nawerenganso kawiri monga mwa ntchito yake. Ulendo uno anayang'anitsitsa dzina. Webusaiti inabiriwira, niti zagwirizana. Anadina.

Nyimbo inaduka.

Tamanda anayetsemula, nadzuka n'kukhala tsonga, akudzikanda m'mutu. "Amama, njala. Ndikufuna phala la shuga wambiri."

"Pita kwa agogo akakuphikire," anatero Zione, namupsompsona pamphumi pamene panali patayamba kale kutuluka thukuta. "Thamanga, usatembenuke. Ukawauze kuti nthochi ija aisiye."

Mwana anatuluka akudumphadumpha. Zione anatsala chogwada, ndipo tsopano sanafunikenso kuyang'anira m'mbali mwa diso. Ankawaona onse bwinobwino, nkhope zawo, mipango yawo, ndi mayi wa kathumba uja akumugwedezera mutu mwachifundo. Azimayi anasendera m'mbuyo, nafutukula mphasa kumiyendo kumene inali yopinda, pakuti malo a mwana sakanakwana munthu wamkulu. Panja geti linalira, mipando inayambanso kukhalidwa.

Gomezgani anali atafika pa mlatho, mpweya utamuthera, pamene foni inanjenjemera m'thumba. Iye mwini ndi amene anandionetsa uthengawo, sanaufufute mpaka lero, ndipo ntchito ya mawebusaiti anaisiya, pano amagulitsa matayala pa sitolo ya pansi ija. Unali wochokera kwa Zione, wolembedwa monga ankalembera masiku onse akamaliza kuyesa chinthu.

"A Gome, musathamangenso. Batani losinthira dzina likugwira bwino, ndayesa. La Taika mudzadine ndinu."